Dzanja la Chagunda ndi Chingwe cha Ulalo

Tabwerani kuno ananu, mpira wanu wamapepalawo suthawa. Khalani pamthunzi apa mundigwirire luzili. Iwe wa thukuta pamphunowe, wakha! Ehe, mwaona? Ndamuponyera bwemba osamuchenjeza, ndipo dzanja lomwe lathamangira kukawakha ndi lamanja. Nditati ndikuponyereni mmodzimmodzi, pafupifupi nonse muchita chimodzimodzi. Kodi munadzifunsapo kuti analiuza ndani dzanja limenelo kuti ndilo lalikulu? Simunadzifunse, ndikukudziwani, inu mumangofunsa ngati mbatata zapsa. Tcherani khutu tsono, koma amene ati andidule mawu apita kukamwetsa mbuzi.

Kalekale, agogo a agogo athu asanamere mano, manja a munthu analibe lalikulu kapena laling'ono. Aliyense ankagwira ntchito ndi dzanja lomwe lamukomera. M'nyumba imodzi bambo ankamweta udzu ndi lamanzere, mayi ankapeta ndi lamanja, ndipo panalibe wocheukira mnzake. Ukasonkhanitsa anyamata khumi, asanu ankaponya mwala ndi dzanja ili, asanu ndi linalo.

Nthawi imeneyo kunali midzi iwiri yoyang'anana, pakati pake pakudutsa mtsinje wa Nachiwuwu. Si kamtsinje kodumpha ngati kathu aka ayi. Madzi ake ankayenda pansi pa phompho lakuya, moti ukaponyamo mwala unkayamba wameza malovu usanamve kuti chubwi. Anthu ankawoloka pa ulalo, mlatho wa nsungwi wolendewera pa zingwe zinayi zikuluzikulu za luzi. Chaka ndi chaka mvula isanagwe, anyamata a tsidya lino ankapota zingwe zatsopano, ndipo panali mwambo wolimba: mnyamata yemwe sanaikepo dzanja lake pa chingwe cha ulalo sankaloledwa kuwolokapo kukalowa chikamwini tsidya linalo. Doko linalipo kumunsi, ulendo wa masiku awiri, koma mkamwini wodzera kudoko ankamutcha wakuba, ndipo ankamubweza ndi mphasa yake yomwe.

Woyang'anira ntchito ya ulalo anali a Kathumba, bambo wamfupi, wa chifuwa chachikulu ndi mawu omveka mpaka kumanda. Sanali munthu woipa, koma akakwiya ankaganiza mothamanga. Tsiku lina dzinja litangotha, a Kathumba akuwoloka atasenza dengu la mapira, chingwe chimodzi chinangoti phwee kumasuka. Ulalo unapendekeka, mapira uko, a Kathumba uko, chubwi! Madzi anawakokolola mpaka pathanthwe pomwe amayi ankachapa. Anawavuula ali moyo, koma mkono wamanzere utathyoka, ndipo chikopa chawo cha m'chiuno chitapitirira ulendo chokha. Musaseke kwambiri, munthuyo anamva ululu. Koma amayi aja anaseka, ndipo a Kathumba anamva kusekako kuposa mkonowo.

Atapezako bwino anaitanitsa chingwe chomasukacho n'kuyamba kuchiphwasula. Chingwe chachikulu, ananu, chimapangidwa ndi timizere ting'onoting'ono ta luzi totchedwa nkhosi. Mnyamata amaika luzi pantchafu n'kulipota ndi chikhatho. Wopota ndi lamanja, nkhosi yake imazungulira uku. Wopota ndi lamanzere, yake imazungulira uko. Kalelo ankangosonkhanitsa nkhosi zonsezo n'kuzipiringiza pamodzi, ndipo chingwe chinkalimba mwamwayi chabe. A Kathumba ataona nkhosi zina zitaloza kum'mawa, zina kumadzulo, anadumpha ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Ndachipeza chomwe chinafuna kundipha!" anakuwa motero anthu atasonkhana. "Manja anu ndi osamvana! Kuyambira lero mnyamata aliyense wopota chingwe cha ulalo azipota ndi dzanja limodzi ndi anzake."

"Dzanja lake liti, a Kathumba?" anafunsa mayi wina.

A Kathumba anali asanaganizepo zimenezo. Anayang'ana mkono wawo wamanzere, uli womangidwa m'timitengo, anayang'ana wamanja, n'kuukweza m'mwamba. "Ili!"

Mwamva? Ukanathyoka wamanja, bwenzi nonsenu mukudyera kumanzere. Zinthu zina zikuluzikulu zimayamba mopusa chonchi.

Tsono pamudzipo panali mnyamata wina dzina lake Chagunda, wamtali, wamanyazi, amene chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere. Lamanja lake linali longonyamulira zinthu. Chagunda anali pa chibwenzi ndi Nangozo, mtsikana wa tsidya linalo, ndipo chigwere ulalo chibwenzi chawo chinali chokuwa. Iye ankaima m'mphepete mwa phompho uku, Nangozo uko, n'kumalonjerana midzi iwiri yonse ikumvetsera.

"A Chagundaaa! Atsibweni anena!" anakuwa Nangozo tsiku lina.

"Anena chiyaniii?"

"Akuti mvula yoyamba ikagwa musanawoloke ndi mphasa yanu, andipereka kwa wa mbuzi zambiri uja!"

Wa mbuzi zambiriyo anali mnyamata wa tsidya lomwelo, wosasowa ulalo. Atsibweni a Nangozo ankafuna mkamwini woti alime munda chaka chomwecho, ndipo sankabweza mawu. Chagunda anabwerera kunyumba, ndipo mawa lake linali tsiku loyesa manja.

Ha, tsiku limenelo! Mudzi wonse unakhamukira pabwalo la pansi pa mkuyu, ndipo a tsidya linalo anadzaza m'mphepete mwa phompho, ena atakwera m'mitengo. Anyamata makumi awiri anaima pamzere atadzola nsatsi, zifuwa zili nganganga. Patsogolo pa aliyense a Kathumba anaika zigoba ziwiri, china kumanja china kumanzere. M'thumba mwawo munali nyemba. Mnyamata akachita chinthu ndi lamanja, nyemba inkagwera m'chigoba cha kumanja. Akachita ndi lamanzere, inkagwera m'chinacho.

Choyamba chinali kuwakha dzaye. A Kathumba ankayenda patsogolo pa mzerewo akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mbalame, kenaka mwadzidzidzi, vuu, dzaye lili panjira kulunjika pamphuno ya munthu. Anthu ankafuula pamodzi kutchula dzanja lomwe latuluka. "Lamanjaaa!" Amayi nthungululu. "Lamanzereee!" Ana kugubuduka ndi phwete. Mnyamata wina anatulutsa manja onse awiri, dzaye n'kudutsa pakati kukamupeza pamphumi, ndipo a Kathumba anadya nyemba yake posowa poiika.

Chagunda anali atakonzeka. Dzanja lamanzere analikanikiza pansi pa lamba wake wachikopa, akuliuza chamumtima kuti likhale chete lero lokha. Dzaye litabwera, analidikira ndi chifuwa n'kuligwira ndi lamanja. Nyemba kumanja, gobede.

Chachiwiri chinali kugenda chulu. Chagunda anatola mwala ndi lamanja, anapukusa mkono, anaponya. Chulu chinali kutsogolo, koma mwala unapita chammbali n'kukaphwanya mtsuko wa mayi wina womwe unali phee pakhonde. Mwini mtsuko anayamba kutukwana, koma a Kathumba anati iwo sakuyesa maso, akuyesa manja. Nyemba yachiwiri kumanja.

Chachitatu chinali kuzula munga. Aliyense anapatsidwa chidutswa cha chinangwa chobayidwa minga itatu kuti aizule. Chagunda anazula ndi lamanja, lilime lili kunja, thukuta lili kamukamu, mpaka yonse inatuluka. Nyemba yachitatu kumanja! Tsidya linalo Nangozo anadumpha n'kuyamba kuvina yekha, ndipo Chagunda anamva mtima wake ukusefukira ndi chimwemwe.

"Basi, mayeso atha," anatero a Kathumba akumanga thumba la nyemba. "Mwatopa ana anga. Khalani pansi mudye mtedza."

Anadutsa ndi lichero la mtedza wokazinga, akucheza ndi aliyense, akuseka. Atafika pa Chagunda anamufunsa kuti, "Nanga nyumba ukamanga chakuti tsidya lija?" Chagunda, maso ali kwa Nangozo, anayamba kufotokoza za pamtunda pafupi ndi mtengo wa masuku, uku akutapa mtedza, kuufikisa, kuuzira makoko, kuponya m'kamwa. Anazindikira mochedwa kuti bwalo lonse lati zii. Anayang'ana dzanja lomwe linali m'licheromo. Linali lamanzere.

A Kathumba anamasula thumba lija pang'onopang'ono. "Nyemba zitatu zija unandipatsa ndi mutu wako," anatero. "Iyi landipatsa ndi dzanja lako." Gobede, kumanzere.

Anali ochenjera mkulu ameneyu, ndimawapatsa ulemu pamenepo. Mtedza umenewo unagwira anyamata asanu ndi anayi. Onsewo anawamanga dzanja lamanzere ndi luzi, kulilumikiza m'chiuno, kuti akhale choncho mwezi wathunthu. Kudya ndi lamanja, kulima ndi lamanja, kudzikanda ndi lamanja. Masiku oyamba kunali kulira. Phala linkapita m'mphuno, makasu ankatema zala za kumiyendo. Koma thupi la munthu limagonja, ananu. Mwezi utatha, a Kathumba anawamasula n'kuwayesanso, ndipo asanu ndi atatu anapezeka atasanduka a dzanja lamanja enieni. Analandiridwa ndi nthungululu n'kupatsidwa luzi lawo.

Anatsala Chagunda. Anamumasula, anamupatsa luzi kuti apote ndi lamanja. Anapota, anapota, koma chomwe chinatuluka chinali ngati matumbo a nkhuku. A Kathumba anawerama kuti ayang'anitsitse, ndipo nthawi yomweyo mavu anatera pakhosi pawo. Chagunda, ndi mtima wake wabwino, sanaganize kawiri. Phaa! Mavu anafa, a Kathumba anakhala pansi m'fumbi, ndipo aliyense anaona dzanja lomwe lagwira ntchitoyo.

"Mumangeninso!" anabangula a Kathumba akudzuka. "Iwe, luzi la ulalo usadzalikhudze. Ndipo tamvera, anthu onsewa ndi mboni: tsiku lomwe udzamasule wekha dzanja limeneli, udzasamuka m'mudzi muno."

Madzulo ake dzuwa lisanalowe Chagunda anapita kuphompho. Anangoima, dzanja lili m'chiuno. Nangozo anamuyang'ana nthawi yaitali ali tsidya linalo.

"A Chagunda! Wa mbuzi uja wabweretsa kale khasu lake kwa atsibweni!" anakuwa Nangozo. "Ine sindikumufuna! Mwamva? Midzi yonse imve, sindikumufuna!"

Ine nkhani iyi ndikafika pamenepa imandiwawa. Munthu sanabe, sanatukwane, sanaphe. Mlandu wake unali dzanja lomwe anabadwa nalo.

Ntchito ya zingwe inayamba popanda iye. Anyamata khumi ndi asanu ndi anayi anakhala pansi pa mkuyu, miyendo atatambasula, onse akupota ndi lamanja pantchafu ya kumanja, akuimba. Kunena zoona, nkhosi zake zinali zokongola, zosalala, zonse zozungulira mbali imodzi. Zidutswa zotsala ankazitaya kudzala. Chagunda ntchito yake inasanduka kulondola mbuzi ya amayi ake, mbuzi yamwano yomwe inkadula chingwe chilichonse n'kukalowa m'dimba la eni.

Tsiku lina mbuziyo itadulanso, Chagunda anapita kudzala kuja n'kutola nkhosi zitatu zotayidwa. Anati izi si za ulalo, ndi zinyalala. Anakhala pansi kuseri kwa khola, anapana nsonga zake ndi chala chachikulu cha kuphazi, n'kuyesa kuziphatikiza ndi lamanja. Atangosiya, zinamasuka zonse. Anayesanso, zinamasukanso. Atatopa anaona kuti munthu ukakhala pansi, dzanja lomangidwa m'chiuno limafika pantchafu. Anacheuka uku ndi uku, anaika nkhosi zitatuzo pantchafu ya kumanzere, n'kuzipota pamodzi ndi chikhatho chake chenicheni.

Abale! Nkhosi zija zinalumana zokha. Anasiya nsonga, sizinamasuke. Anaziponya pansi, anaziponda, anazikoka ndi mano, zili gwa. Anamangira mbuzi ija, mbuzi inakoka mpaka maso kutuzuka, kenaka inangogona pansi n'kuyamba kubzikula. Chagunda anakhala akuyang'ana kachingweko. Anaona kuti nkhosi za anzake zikufuna kubwerera uku, kupota kwake kukuzikankhira uko, ndipo pokanirana pamenepo m'pomwe zagwirana. Anafuna kuthamangira kwa a Kathumba, koma anakumbuka mawu aja a pabwalo, ndipo anakhala chete.

Masiku anapita. Kunja kunayamba kutentha kwa mvula, kuja kopangitsa nkhuku kuyasamula. Nyerere zinayamba kusamutsa mazira. Anyamata aja anaphatikiza nkhosi zawo kukhala zingwe zinayi zonenepa ngati mkono, ndipo pophatikizapo anazipotera mbali yomweyo ya kumanja, monga analamulira a Kathumba.

Linafika tsiku loyesa zingwe. Mwambo wake unali womangirira mtondo wodzaza miyala ku chingwe, n'kuukweza pa nthambi ya mkuyu. Ng'oma zinalira, midzi iwiri inasonkhananso. Anyamata anakoka, mtondo unanyamuka, anthu anayamba kuwomba m'manja. Kenaka mtondo uja unayamba kuzungulira. Pang'onopang'ono poyamba, kenaka mwaliwiro, ngati namwali pa chimtali, chingwe chikumasuka, chikutalika, nkhosi zikuthothoka imodziimodzi, mpaka khuu! Mtondo pansi, miyala mbwee.

"Bweretsani chachiwiri!" anakuwa a Kathumba.

Chachiwiri chinavina chimodzimodzi. Chachitatu chinaposa. Chachinayi sichinadikire n'komwe kuti mtondo ufike m'mwamba. Ng'oma zinaleka. Kutali kumapiri kunamveka kugunda, ndipo anthu onse anatembenuka n'kuona mitambo yakuda itaunjikana. A Kathumba anakhala pansi pakati pa luzi lomwazikalo, atagwira mutu. Anali atachita zonse mwa nzeru zawo, ndipo zingwe zinatuluka zoipa kuposa zakale.

Chagunda anali kumbuyo kwa anthu, mbuzi ili kudzanja. Taganizani inuyo. Akakhala chete, ulalo palibe, mvula igwa, Nangozo apita. Akayankhula, aulula kuti wapota ndi dzanja loletsedwa, ndipo kuti awonetse bwinobwino ayenera kulimasula, zomwe zikutanthauza kusamuka. Anayang'ana tsidya linalo. Wa mbuzi zambiri uja anali ataima pafupi ndi atsibweni a Nangozo, akumwetulira kumitambo.

Kumwetulira kumeneko n'komwe kunamaliza nkhani. Chagunda anakankha anthu, anafika pakati pa bwalo, anasolola mpeni m'chiuno mwa mnzake, n'kudula luzi la padzanja lake, thuu!

"Mwana wanga, wachita chiyani!" analira amayi ake.

A Kathumba anadzutsa mutu. "Wadzithamangitsa wekha, iwe."

"Ndisamuka, bambo, sindikukana," anatero Chagunda. "Koma ndisanapite, mangirirani mtondowo ku chingwe cha mbuzi ichi."

Anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. Kachingwe konenepa ngati chala! Koma a Kathumba sanaseke. Anali munthu wa zingwe moyo wawo wonse, ndipo maso awo anali ataona kale kuti kachingweko kagona mwachilendo. Anakodola anyamata. Anamasula mbuzi, anamangirira mtondo, anabwezeramo miyala, anakoka. Mtondo unanyamuka. Unatembenuka pang'ono kumanja, unabwerera pang'ono kumanzere, n'kuima nji.



"Onjezani miyala," anatero a Kathumba. Anaonjeza. Mtondo uli phee. A Kathumba anavula mkanda wawo, analumpha n'kukangamira mtondowo ndi mkono wawo wabwino, miyendo ili lendelende m'malere. Kachingwe kanalira kuti nyii, koma sikanamasuke. Pamenepo bwalo linaphulika! Ng'oma, nthungululu, fumbi, agalu kuuwa, tsidya linalo anthu kugwa m'mitengo!

A Kathumba anatsika, anagwira kachingweko pafupi ndi maso. "Nkhosizi anapota ndani?"

"Anyamata anu, bambo. Ndinatola kudzala."

"Anaphatikiza ndani?"

Chagunda anakweza dzanja lake lamanzere, lowonda, lokhala ndi mzere woyera pomwe panadutsa luzi.

A Kathumba anatembenuza chingwecho kawiri katatu. "Nkhosi zipite uku, chingwe chipite uko," anayankhula okha. Kenaka anayang'ana Chagunda. "Zosamuka zija ndinanena ndine, ndipo ndikuzimeza ndine, pamaso pa mboni zomwezi. Ndinalakwa, mwana wanga." Atatero anatembenuka n'kubangula ngati kale. "Mukuyang'ana chiyani? Tolani nkhosizo! Asanu ndi atatu aja ndinawamanga ali kuti? Bwerani mumuthandize mnzanuyu!"

Anabwera akuthamanga, anakhala pansi, anaika nkhosi pantchafu ya kumanzere. Koma manja awo amanzere anali ataiwala. Zala zinkangogwedezeka ngati za khanda. Akati akakamize, nkhosi zinkapulumuka, kapena dzanja lamanja linkalowerera lokha n'kubwezera chingwe njira yakale. Mmodzi wa iwo anayang'ana chikhatho chake n'kuyamba kulira. A Kathumba anatembenukira kumbali kuti anthu asaone nkhope yawo. Pa anyamata onse panatsala dzanja limodzi lokha lotha kuphatikiza chingwe, ndipo zingwe zofunika zinali zinayi.

"Uzitha?" anafunsa a Kathumba.

Chagunda anayang'ana mitambo. "Ndipatseni nkhosi."

Masiku atatu amenewo anthu a ku Nachiwuwu sanawaiwale. Anyamata khumi ndi asanu ndi anayi ankamupatsira nkhosi, amayi ankanyowetsa luzi, madoda ankadula nsungwi, ndipo pakati pa onsewo panali Chagunda, akupota, akupota, chingwe chikutuluka kumbuyo kwake n'kumakadziunjika. Tsiku loyamba chingwe chimodzi ndi theka. Chikhatho chinatuluka matuza. Tsiku lachiwiri matuza anaphulika, ndipo a Kathumba eni ake ndi amene ankamuthira madzi padzanja ndi kumuika chakudya m'kamwa kuti asaime. Tsidya linalo Nangozo anasonkhanitsa atsikana anzake m'mphepete mwa phompho, akuimba mokweza kuti wopotayo asagone. Kumwamba kunkagunda, mphepo inkabwera ndi fungo la dothi lonyowa la kwina, koma mvula inkangozungulira mapiri.

Tsiku lachitatu masana chingwe chachinayi chinatha, chili ndi madontho ofiira m'malo ena. Mlenje wina anamangirira kachingwe kakang'ono kumuvi n'kuponya tsidya linalo. A kumeneko anakoka, zingwe zikuluzikulu zinawoloka phompho imodziimodzi, anazikulunga kumitengo. Anyamata anayamba kuyala nsungwi, akukwawa, akumanga, kuchokera mbali zonse ziwiri. Kunja kunada bii ngakhale dzuwa linali lisanapendeke. Patatsala nsungwi zochepa kuti akumane pakati, dontho linagwa pamphumi pa atsibweni a Nangozo.

Mkuluyo anatambasula chikhatho. "Mvula yayamba!" analengeza. "Mawu anga aja akwana."

"Atsibweni, imeneyo si mvula!" anakuwa Nangozo, ulemu wonse ataiwala. Anawerama, anatapa dothi, analiwaza m'mwamba, ndipo linauluka. "Onani, fumbi likadali fumbi! Mvula yake iti yosanyowetsa dothi?"

Amayi a tsidya limenelo anavomereza mwaphokoso kuti mwanayo akunena zoona, ndipo atsibweni anangoti, "Chabwino. Fumbi likangogona, nkhani yatha."

Nsungwi yomaliza inamangidwa. Mwa mwambo, woyamba kuponda ulalo watsopano ankakhala a Kathumba. Iwo anafika pamlomo pa ulalo, anaima, n'kupatuka. Anatenga mphasa ndi khasu m'manja mwa amayi a Chagunda, anamusenzetsa mnyamatayo, n'kumumenya kumsana. "Ukudikira chiyani? Thamanga!"

Anathamanga! Ulalo ukugwedezeka, nsungwi zikulira, madontho akuchuluka, pansi Nachiwuwu akukokoma, midzi iwiri ikukuwa dzina lake. Pakati mphepo inafuna kumulanda mphasa, iye anaipana kukhwapa osaima. Zingwe zake zinagwira, sizinatalike ngakhale pang'ono. Phazi lake litangoponda tsidya linalo, kafumbi kanadzuka pansi pa chidendene, aliyense anakaona, ndipo pomwepo kumwamba kunang'ambika. Chimvula chake! Anthu anavina m'matope osafuna kubisala. Wa mbuzi zambiri uja anapita kukatenga khasu lake mwakachetechete.

Atsibweni a Nangozo anayandikira kuti alonjere mkamwini wawo. Chagunda anachita manyazi, anabisa dzanja lamanzere kumbuyo chifukwa linali losendeka, lamagazi. Mkuluyo anazungulira, analigwira dzanjalo ndi manja awo onse awiri, analiyang'ana mvula ikulitsuka. "Munda udikira," anatero. "Nangozo, tenga mwamuna wako ukamutsuke bala ili."

Chichokereni tsiku limenelo a Kathumba anapitiriza kuyesa anyamata chaka ndi chaka, ndi dzaye, ndi mwala, ndi munga, ndi mtedza womwe. Koma lamulo analisintha. Nkhosi zimafuna manja ambiri, kuphatikiza kumafuna dzanja limodzi. Choncho pa anyamata khumi aliwonse, asanu ndi anayi ankaphunzitsidwa kupota ndi lamanja, ndipo mmodzi yemwe nyemba zake zonse zagwera kumanzere sankakhudzidwa, ngakhale ndi kaluzi kakang'ono. Zaka zitachuluka manja anazolowera, ndipo ana anayamba kubadwa atagawanika kale chomwecho. Koma asanu ndi atatu aja dzanja lawo silinabwerere mpaka kukalamba, ndipo a Kathumba akakumana ndi mmodzi wa iwo panjira ankayang'ana pansi.

N'chifukwa chake lero, ananu, mukawerenga anzanu khumi mupeza ambiri ndi a dzanja lamanja, koma wamanzere sasowa, amakhalapo mmodzi. N'chifukwa chakenso chingwe chilichonse cholimba, mukachiyang'anitsitsa, nkhosi zake zimapita uku, icho chikupita uko. Tsono mukadzaona munthu wamkulu akumenya mwana pa zala kuti asinthe dzanja, mudzagwade mwaulemu n'kumuuza kuti a Kathumba anayesa kale zimenezo. Anamanga manja asanu ndi anayi, ndipo mvula itafika pakhomo, midzi iwiri inapulumukira pa limodzi lomwe linakana kumva.